Mapiritsi Opanda Dzina a Bungwe la Mtondo

Mukafuna kumuona Tisungeni Kalinde atakwinya mphuno, mufunseni potuluka m'tchalitchi kuti, “Mayi, mulibe kam'bulu ka mutu m'chikwamamo?” Kam'buluko sakupatsani msanga. Ayamba wakufunsani kuti mutuwo unayamba liti, mukumwa mankhwala ena ati, m'mimba muli bwanji, mpaka mutu wanu kupola wokha chifukwa chotopa ndi mafunso. Amalawi a ku Perth anam'patsa dzina loti Mayi Werengani Kaye, ndipo amam'tchula choncho akangotembenuka. Iye amadziwa, koma sizimulanda tulo. Amati safunsa anadya phula, ndipo phula la m'ntchito yakeyo limapha.

Kwawo ndi ku Kambalanje, mudzi wa m'mapiri a ku Dedza, kumene mayi ake okalamba adakali moyo ndi matenda awo a BP. Asanabwere ku Australia anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa windo la famase ya chipatala china, kugawa mapiritsi kudzera pa kabowo ka zitsulo. Kumeneko n'kumene anatengera nseru imene wayenda nayo moyo wake wonse. Chaka china kunabwera lole yodzaza makatoni, mphatso yochokera kwa anthu achifundo a kunja. Akuluakulu anavala masuti, kwaya inaimba, zithunzi zinajambulidwa. Alendo atachoka, Tisungeni anatsegula makatoni aja n'kupeza mankhwala amene masiku ake anadutsa kalekale, ena olembedwa m'chilankhulo chimene panalibe ndi mmodzi yemwe wochiwerenga, ena atasungunuka n'kumatana ngati chiponde. Anamutuma iyeyo kuti akawatenthe kuseri kwa mochale. Utsi wake unali wobiriwira, ndipo fungo linam'khala m'tsitsi sabata yathunthu. Tsiku limenelo anazindikira kuti pali anthu ena amene akafuna kutaya zinyalala amayamba afunafuna mmphawi woti awathokoze.

Ku Perth anafika mu 2005. Mapepala ake a ku Malawi anangowayang'ana n'kumubwezera mwaulemu, motero anayambiranso sukulu ku yunivesite ya ku Bentley ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, mkati mwa sabata m'kalasi, Loweruka ndi Lamlungu kusambitsa okalamba. Lero amagwira ntchito pafupi ndi Crawley, dera lina la mu Perth momwemo, pamalo pamene amayeserapo mankhwala atsopano asanaloledwe kugulitsidwa. Kumeneko m'bulu uliwonse uli ndi nambala yake. Umodzi ukagwa pansi pamalembedwa lipoti la masamba awiri, ndipo ntchito yotereyi Tisungeni amaikonda monga ena amakondera mpira.

Bungwe la Mtondo linabadwira m'khitchini mwake mu 2009. Anali anthu anayi okha, m'nyumba ya lendi ku Bentley, atazinga tebulo limene kale linali chitseko: iyeyo, Obby Mutale wa ku Lusaka, ndi ena awiri amene pambuyo pake anasamukira ku Brisbane. Onse ankalimbana ndi mayeso oti aloledwe kugwira ntchito ya mankhwala m'dziko la eni. Dzinalo analitenga ku chizindikiro cha ntchito yawo, mtondo ndi munsi. Cholinga chake chinali chosavuta kumva: kuthandiza obwera kumene kuti akhoze mayeso, kuphunzitsa anesi ndi osamalira okalamba za mankhwala amene sayenera kukumana m'thupi limodzi, ndi kuyankha anthu a kwathu amene amachita manyazi kufunsa dokotala wachizungu ngati n'zotheka kumwa mapiritsi a shuga pamodzi ndi mizu imene azakhali atumiza. Lamulo loyamba analemba ndi Tisungeni, pa tsamba long'amba m'kope: Mankhwala opanda dzina si mankhwala.

Zaka zoyambazo bungwelo linali losauka koma laukhondo. Tiyi ankamwera m'makapu osiyanasiyana, mabuku ankabwerekana mpaka kuthothoka zikuto, koma linatulutsa anthu oposa makumi atatu amene lero ali m'mafamase ndi m'zipatala kuyambira ku Fremantle mpaka ku Joondalup. Kenaka mu 2016 kunatulukira a Dokotala Flywell Nyirongo, ogwira ntchito ku kampani ina yopanga mankhwala, munthu wa pakamwa pokoma ndi nsapato zowala. Pasanathe chaka anali atakhala tcheyamani. Anabweretsa mataye okhala ndi chithunzi cha mtondo, chinsalu chachikulu choimapo pojambulitsa, ndi phwando la pachaka limene anthu amadya ndi mipeni ndi mafoloko uku akuyang'anana zovala. Makalasi a mayeso anayamba kuchitika mwa apo ndi apo, kenaka anangofa osalengezedwa maliro. Maudindo okha ndi amene anaswana. Panali wachiwiri kwa tcheyamani, wachiwiri kwa wachiwiriyo, mlembi wa zakunja, mlembi wa zamkati, mpaka munthu wopanda mpando ankaoneka ngati mlendo. Tisungeni anam'patsa udindo wa Mlangizi Wamkulu wa Chitetezo cha Mankhwala, dzina lalitali loti lim'khalitse chete. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyererezo iye ankaziona, koma n'kovuta kuthawa nyumba imene unaumbira wekha njerwa.

Pokonzekera chikondwerero cha zaka khumi ndi zisanu, a tcheyamani analengeza ntchito yaikulu yotchedwa Diramu la Chikondi. Mamembala asonkhe mankhwala, adzaze diramu, likwere kontena ku doko la Fremantle, likatsikire pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Ndipo pofuna kulemekeza mayi woyambitsa bungwe, komiti inasankha chipatala cha ku Kambalanje, kumene mayi ake a Tisungeni amapita ndi kabuku kawo mwezi ndi mwezi. Anamuombera m'manja. Iye anathokoza, poganiza kuti akunena zogula mankhwala atsopano m'njira yake. Sanadziwe kuti a tcheyamani aimba kale foni kwawoko, ndi kuti nkhaniyo yalengezedwa kale m'tchalitchi cha kumudzi. Chotsala chinali chimodzi chokha, siginecha yake pa pepala lotsimikiza kuti za m'diramumo n'zoyenera kumwedwa ndi anthu.

Loweruka lina mu Januwale, dzuwa la ku Perth likuwamba ngati lili ndi mlandu ndi munthu, anamuitana kuti akaone katunduyo kunyumba kwa a tcheyamani. Asanatsike m'galimoto anamva nyimbo ya kwaya ikuchokera m'garaja, ndipo pansi pa nyimboyo panali kaphokoso kena kosalekeza, twa, twa, twa.

Analowa. Amayi asanu ndi mmodzi anali atakhala pa zitenje, miyendo tambalale, monga amakhalira anthu potongola chimanga. Pakati pawo panali mulu wa mabokosi a mankhwala. Aliyense ankasolola kapaketi, kufinya ndi chala, m'bulu n'kugwera m'bakuli la pulasitiki lomwe kale munali ayisikirimu. Pa bakuli lililonse panalembedwa ndi inki yakuda. OYERA. ACHIKASU. APINKI. MAKAPISOZI. Lina, lodzaza mpaka m'khosi, linalembedwa kuti BP MWINA. Mayi wina ankafinya ndi dzanja lomwelo limene ankadyera mandasi. Pakona panali Obby, yemwe anakhala naye pa tebulo la chitseko lija, akung'amba mabokosi opanda kanthu n'kumaponya m'thumba la zinyalala. Atamuona, anayamba kuyang'ana nsapato zake.

M'garajamo munali fungo la mankhwala otenthedwa ndi malata, thukuta, ndi kafungo kotsekemera kotsalira m'mabakuli.

“Mwafika, Mayi Kalinde! Takulandirani,” anatero Gladness Chiwaya, mayi wansangala amene amasamalira okalamba pa nyumba ina ya kutsidya kwa mtsinje wa mumzindawo. “Taonani ntchito. Mabakuli khumi ndi awiri, ndipo sitinafike ndi pakati pomwe.”

“Mankhwala amenewa achokera kuti?”

“Kuntchito, mayi. Nkhalamba ikamwalira imasiya mabokosi ndi mabokosi, ena osatsegula n'komwe. Azungu amangoti return for destruction, akatenthe basi. Ine mtima umandiwawa. Lachiwiri lomweli kwapita agogo ena, ndinawasambitsa ndekha, asiya mapaketi asanu ndi atatu. Ndinati ayi, kwathu anthu akuvutika.”

“Nanga mukuwachotseranji m'mapaketi mwake?”

Gladness anaseka, poona kuti funsolo n'lachibwana. “Mabokosi amadya malo m'diramu. Komanso ali ndi mayina a eniake, ndiye a Dokotala anati ndi bwino tiwachotse, for privacy.”

Tisungeni anawerama n'kutola mabokosi atatu m'thumba la Obby. Loyamba linali la mankhwala a mtima, lolembedwa dzina la mayi wina wachizungu, masiku ake atadutsa chaka chatha. Lachiwiri linali la shuga. Lachitatu linali la mankhwala oletsa magazi kuundana, amene ukalakwitsa mlingo munthu amatha kukha magazi m'kati osadziwa. Onse atatuwo mibulu yake ndi yaing'ono, yoyera, ndipo tsopano inali itagona limodzi m'mabakuli. M'maganizo mwake anaona wogawa mankhwala wa ku Kambalanje akutapa ndi supuni m'bakuli la BP MWINA, kukulunga m'kapepala, mayi ake akulandira ndi manja awiri n'kunena zikomo.

Gladness sanamunyanse kwenikweni. Gladness anakulira m'nyumba imene sataya ngakhale botolo la mafuta, ndipo anachita zimenezi ndi mtima wake wonse, ngakhale kuti zikanadziwika kuntchito akanachotsedwa tsiku lomwelo. Chimene chinamunyansa n'choti m'garajamo munali anthu atatu amene anakhoza mayeso a mankhwala, ndipo awiri mwa iwo anawaphunzitsa ndi iyeyo.

A tcheyamani anatulukira pa khomo la m'nyumba atavala shati ya bungwe, fayilo ili m'khwapa. “Mayi Founder! Mwaona mmene anthu adziperekera? Pepala lija ndi ili, mungosaina apa ndi apa. Kontena akutseka Lachisanu.”

“A Dokotala, m'bakuli ili muli chiyani?”

“Mostly a BP.”

“Ati? A mphamvu yanji? Akutha liti? Akhala masiku angati muno, mmene mukutenthera chonchi?”

“Mayi Kalinde, let us be practical. Kwathu anthu akufa chifukwa chosowa ngakhale m'bulu umodzi. Kuno ndi kuno, kwathu ndi kwathu. Simungatenge ma standard a ku Crawley n'kukawaika ku Dedza. Wopempha sakulitsa chitete.”

Tisungeni ananyamula bakuli lija n'kuwaloza nalo pachifuwa. “Mwana wanu atadwala lero, mungam'patse za m'menemu?”

A tcheyamani anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene akufotokozera wosamva zinthu. “Ana anga ali kuno, mayi.”

Nyimbo ija inali italeka. Tisungeni anamva nseru ya kuseri kwa mochale ikukwera, koma ya lero inali yoposa, chifukwa nthawi ija otumiza zinyalalawo anali anthu osatidziwa, amene sanamwepo madzi a pa mjigo wa kwathu. Awa anali ana a kumudzi konko, amene amayi awo amakhala pa benchi ya chipatala chonga chomwecho kudikira dzina lawo. Zonyansa, ndithu. Anthu takwera ndege, tavala mataye, tadziwa kugwira foloko, ndipo phunziro loyamba limene tatola kwa olemera ndi kaponyedwe ka nyenyeswa.

“Sindisaina,” anatero. “Ndipo mabakuli awa ndikupita nawo kumene amatayira mankhwala. Mukandiletsa, ndiimba foni kwa amene amatipatsa malaisensi, ndikawauze zimene ndaona ndi mayina a amene ndawapeza muno. Sankhani nokha.”

Munadzuka chipwirikiti. Gladness analira, nati masabata atatu a thukuta lake alowa m'madzi. Mayi wina anati sukulu ikachuluka imachotsa chifundo. Wina anati anthu ena akakhalitsa ndi azungu amayamba kunyansidwa ndi mtundu wawo. A tcheyamani anati diramu lalengezedwa kale, wojambula zithunzi wauzidwa kale tsiku, kodi mayi woyambitsa akufuna kuti bungwe lake lichite manyazi pamaso pa anthu? Analankhula zambiri, ndipo Chingerezi chinkachuluka pamene mfundo zinkachepa. Koma mawu oti laisensi anali atawalowa, motero anapatuka pakhomo.

Ananyamula yekha, awiriawiri, ena kukaika m'buti ena pa mpando, pansi pakuotcha mpaka kudutsa m'nsapato. Ulendo wachinayi Obby anamutsatira atanyamulako ena.

“Ba Tisu,” ananong'ona atafika pa buti ya galimoto, “ine nenze nabauza kuti ivi vintu sivili bwino. Manje muziba mwamene bakambila ba Doc.”

“Lamulo loyamba limati chiyani, Obby?”

Obby anapukuta thukuta, natseka buti, n'kubwerera m'garaja.

Tisungeni anayendetsa mpaka ku Fremantle mawindo ali otsegula, ku famase ya mayi wina amene anadutsa m'makalasi a Mtondo makalasiwo adakalipo. Anakhuthulira bakuli lililonse m'bini ya mankhwala opita kukatenthedwa. Mwini famaseyo anawerenga zolembedwa pa zivindikiro, nagwira pakamwa. Atamaliza, Tisungeni anasamba m'manja katatu, ndipo ankamvabe ngati sanayere.

Lolemba anapeza atamuchotsa pa gulu la bungwe la pa foni. Lachitatu kunabwera kalata yaulemu kwambiri yonena kuti komiti yaona kuti mpando wake ukufunika mphamvu zatsopano. Diramu linapitabe, lodzaza zovala ndi mabulangete, ndipo anthu anajambulitsa ataima patsogolo pa chinsalu chija. Kabuku ka mbiri ya bungwe katatuluka, kananena kuti Mtondo unayambitsidwa ndi “kagulu ka anthu a masomphenya”, ndipo lamulo loyamba silinapezekemo ngakhale pa tsamba lomaliza. Kutchalitchi ena anayamba kum'patsa moni wa m'mphuno. Zonsezi anazimeza, ndipo mwina pansi pa mtima ankanyadirako pang'ono, poti munthu wolungama naye amakonda kuonedwa akuzunzika. Kunyadako kunatha Lamlungu lina masana, ali m'galimoto panja pa tchalitchi, foni italira kuchokera ku Kambalanje.

Anali mayi ake. Anafunsana za moyo, za mvula, za chimanga chimene chinali chitayamba ngaiyaye. Kenaka mawu a nkhalambayo anatsika.

“Kuno tamva nkhani, Tisungeni. Akuti mankhwala athu anali atalongedwa kale, ndipo amene anakawataya ndiwe.”

“Ndine, amayi.”

“Kuchipatala kulibe a BP, uno ndi mwezi wachiwiri. Aja unanditumizira ndinagawana ndi a Nachisale ndi a Nambewe, poti nawonso miyendo yatupa, ndiye atha. Dzulo ku chigayo anthu amandiloza ndi milomo. Akuti mwana wa awo anataya mankhwala a mudzi wonse.”

“Mawa ndituma munthu akakugulireni ena ku boma, okhala m'bokosi mwake. Koma musagawenso, amayi, chonde.”

“Ine undigulira. Nanga anzangawo ali ndi mwana ku Australia?”

Tisungeni anayang'ana pa windo la galimoto. Panja anthu ankadutsa atanyamula mabaibulo, ena akumuyang'ana cham'mbali.

“Tandiuza zoona, mwananga,” anapitiriza mayi ake. “Anali oipa? Akanatipha?”

Anafuna kuti anene inde, nkhani ithere pomwepo, mayi ake akhale ndi chowayankha anthu a ku chigayo. Koma pa nkhani ya mankhwala sananamepo. Maso ake anagwera pansi, m'mbali mwa mpando, pamene panali kachibenthu ka m'bulu woyera kamene kanatayika tsiku lija. Anakatola ndi tishu nakatembenuza uku ndi uku. Panalibe chilembo, panalibe nambala. Kakanatha kukhala ka mtima, ka shuga, ka tulo, kapena ka BP komwe, kamene mayi ake akanamwa n'kudzuka bwinobwino.

“Sindikudziwa, amayi.”

“Sukudziwa? Zaka zonsezi ukuphunzira mankhwala?”

“Sindikudziwa. Palibe amene akudziwa. N'chifukwa chake ndinataya.”

Pa foni panamveka mbuzi ya ku Kambalanje ikulira chapatali. Kenaka mayi ake anausa moyo.

“Chabwino,” anatero. “Ndikawauza kuti sukudziwa.”

Foni inaduka. Tisungeni anakhala kaye atagwira tishu uja m'manja, kenaka anakulunga kachibenthuko bwinobwino, naliza galimoto kulowera ku Fremantle kumene kuli bini ija.